Anthu Akabalalika Pamaliro



Ino ndi nyengo ya ziliza. Soya wagulitsidwa, mtedza wapita, alimi a thonje ndi fodya alandirako kangachepe, ndiye Loweruka lililonse mumva kuti kwa akutiakuti kuli kuvundukula mwala. Magalimoto ochokera ku Lusaka ndi ku migodi aima ndondondo pansi pa mango, amayi avala chitenje chofanana, achinyamata asindikiza nkhope ya malemu pamalaya. Ine sinditsutsa zimenezi. Pamanda a mwana wanga palinso mwala, ndipo tinaumanga ndi mtima wonse. Koma lero ndikufuna tikambirane za masiku amene sitiwaitanira anthu, masiku a pakati pa kuika maliro ndi kumanga chiliza, ndi ena onse obwera pambuyo pake.

Pa zamaliro ife akum'mawa kwa Zambia sitiphunzitsidwa ndi munthu. Mfuu ikangomveka, anyakwawa atumiza mthenga, adzukulu alawirira ndi makasu, amayi afika wina ndi mbale ya ufa, wina mtolo wa nkhuni, wina kamfutso kake. A Chigwirizano achezera kuimba m'nyumba ya siwa, a m'mphakati nawonso chimodzimodzi. Kope la chipepeso liyenda dzanja ndi dzanja. Ngakhale uja munakanganirana naye malire a munda amabwera n'kukhala pamoto usiku wonse, poti maliro n'kulirana. Kenaka ameta, asesa, miphika yobwereka ibwerera kwa eni ake, a m'tauni athamangira basi kuti Lolemba akapezeke pantchito. Kwa mwini maliro, kulira kwenikweni kumayamba pamenepo.

Ndikuyankhula ngati mayi amene anaika mwana wake wachisamba mu 2003. Anali bambo wa ana awiri, ankagwira ntchito ku Lusaka, ndipo anabwerera kumudzi thupi litatha. M'kamwa munali zilonda zokhazokha, moti phala ndinkachita kusefa kuti likhale lamadzimadzi, n'kumamumwetsa ndi kasupuni ka tiyi. Anafa ndi Edzi. Mankhwala otalikitsa moyo, ma ARV, anali atafika kale m'dziko muno koma anali ogula, ndipo boma linayamba kuwapereka ulere mu 2005. Ndikaona anzake a msinkhu wake lero, imvi zili mbuu, akupalasa njinga kukatenga mankhwala kukiliniki, ndimakondwa nawo, komanso mtima umandiwawa. Zonsezi zimabwera nthawi imodzi.

Anthu atabalalika, panali mayi mmodzi wa m'mudzi mwathu amene sanasiye kubwera. Iyeyu anali ataika ana ake awiri. Sankabwera ndi mavesi kapena malangizo. Ankangofika m'mawa ndi ndowa, n'kuima pakhomo, n'kunena kuti, "Dzukani amayi, mpiru ukufota kudimba." Ndipo ankandiitana ndi dzina la mwana wanga yemwe uja, amake uje, monga ankachitira kale. Ena onse anali atasintha, akundiitana ndi dzina la mng'ono wake, poopa kundikumbutsa. Ankayesa kuti akundichitira chifundo, ngati kuti ndikanaiwala. Mayi uja ankadziwa kuti kholo loferedwa limafuna kumva dzina la mwana wake likutchulidwa pabwalo, masana, anthu akumva.

Nkhani imeneyi si ya m'midzi yokha. Mu Disembala 1986, a Kenneth Kaunda, ali pampando wotsogolera dziko lino, anataya mwana wawo Masuzgo. Mu Okutobala 1987 anakhala pamaso pa atolankhani ku Lusaka n'kunena poyera kuti mwanayo anafa ndi Edzi. Achinyamata a lero mwina sangamve kulemera kwa zimenezi. Masiku amenewo matendawa sitinkawatchula dzina. Tinkati kaliwondewonde, kapena matenda a masiku ano, uku tikutsitsa mawu. Wodwala ankamupatulira kapu yake ndi mbale yake. Mabanja ankabisa wodwala kuchipinda alendo akabwera. Ndiye tangoganizani bambo amene dziko lonse linkamuyang'ana, amene akanatha kulamula kuti nyuzipepala zilembe chibayo kapena malungo, akuulula chimene chinapha mwana wake.

Sanathere pomwepo. Mu 1989 anakayankhula pamsonkhano waukulu wa za Edzi ku Montreal m'dziko la Canada. Atasiya ndale anakhazikitsa bungwe la Kenneth Kaunda Children of Africa Foundation, ndipo mu 2002 anayezetsa magazi anthu akuona, kuti abambo anzawo achotse mantha. Pakati pa zimenezi anaikanso mwana wina, Wezi, amene anakhalapo phungu wa ku Malambo kuno kum'mawa, ataomberedwa ndi mfuti pachipata cha nyumba yake ku Lusaka mu Novembala 1999. A Kaunda anapitiriza kuyenda m'masukulu ndi m'misonkhano, kampango koyera kali m'manja, kufikira mphamvu zitawathera. Anamwalira pa 17 Juni 2021 ali ndi zaka 97.

Za ulamuliro wawo aliyense ali ndi maganizo ake. Inenso ndinaimapo pamizere ya sopo ndi saladi m'zaka za chipani chimodzi, ndipo sindinaiwale. Koma pa nkhani ya Masuzgo ndimawavulira chipewa, ngakhale amayi sitivala chipewa. A Nelson Mandela anachita zofananazo mu Januwale 2005, pamene mwana wawo Makgatho anamwalira. Apa n'kuti patapita zaka zoposa 17 chiyankhulireni a Kaunda.

Chimene ndimatolapo pa bambo awiriwa n'chakuti thandizo loyamba limene anapereka kwa anthu silinali ndalama kapena bungwe. Anangonena zoona za imfa ya ana awo. Kwathu kuno wowerenga mbiri kumanda amati, "Malemuwa anadwala kanthawi, tinayesa uku ndi uku koma zinakanika." Anthu amangoti zii. Koma pobwerera kumudzi manong'onong'o ayamba: imfa imeneyi si yabwinobwino, pali dzanja la munthu. Sabata isanathe ena apita kwa sing'anga, ndipo dzina limene limatuluka kumeneko kawirikawiri limakhala la nkhalamba yosauka yokhala yokha kumapeto kwa mudzi. Tikabisa dzina la matenda, timatchula dzina la munthu. Agogo athamangitsidwa, nyumba yawo yatenthedwa, pamene mkazi wamasiye sanayezetse ndipo kamwana kakuyamwabe. Dziwani kuti malamulo a dziko lino amaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, ndipo wochita zimenezi akhoza kuimbidwa mlandu.

Lero si Edzi yokha imene timabisa. Pali shuga, pali BP, pali khansa ya khomo la chiberekero imene yatitengera ana aakazi ambiri chonsecho kuyezetsa kwake kumachitika m'zipatala zathu zomwezi. Pali mowa. Palinso ana athu amene amadzichotsera okha moyo, imfa imene banja limaikwirira mofulumira kuposa mtembo. Mayi amene mwana wake wamkazi wafa ndi khansa akaima pamsonkhano wa amayi n'kunena kuti, "Anzanga, wanga uja anachedwa, inu pitani mukayezetse," mawu ake amalowa kuposa a namwino, chifukwa aliyense anamuona akulira.

Koma pano pafunika kusamala. Si kholo lokha limene lili ndi mwini pa imfa ya munthu wamkulu. Ukanena kuti mwana wanga anafa ndi Edzi, wanenanso kanthu kena za mkazi wake ndi ana ake. Ine ndinayamba kutchula poyera mpongozi wanga atavomera, iye atayezetsa kale n'kuyamba kulandira thandizo. Wina asakakamizidwe. Ndipo asatengere mawu angawa kukaulula za m'nyumba ya mnzake pachitsime.

Tsopano ndifike pamene pamawawa makolo anzanga, pa katundu. Kuthandiza ena kumene timakukamba m'tchalitchi kumayesedwa tsiku logawa zovala, pamene mlamu wayamba kale kuyeza firiji ndi maso. Kuyambira mu 1989 dziko lino lili ndi lamulo la kagawidwe ka chuma cha munthu amene wamwalira osasiya wilo, lotchedwa Intestate Succession Act. Kunena mwachidule, pa K100 iliyonse, K50 ndi ya ana, K20 ya mkazi kapena mwamuna wotsala, K20 ya makolo a malemu, ndipo K10 ndi ya ena amene ankadalira malemuyo. Nyumba ndi ya wamasiye pamodzi ndi ana, ndipo wamasiyeyo amakhalamo kufikira atamwalira kapena atalowa banja lina. Minda ya kumudzi ili m'manja mwa mafumu, lamuloli siliikhudza, n'chifukwa chake anyakwawa ndi eni mbumba ali ndi udindo waukulu kuti wamasiye asalandidwe polima. Ndipo amene khoti lamuika kukhala adiminisitireta asamadzione ngati wolowa chuma. Ntchito yake ndi kusonkhanitsa, kubweza ngongole ndi kugawa, basi. Wolandidwa katundu apite kupolisi, ku ofesi ya Victim Support Unit.

Mwamva kuti makolo tili ndi gawo lathu. Ife tinakhala pansi usiku wina, ine ndi bambo a kunyumba, ndalama zochokera kuntchito kwa mwana wathu zitatuluka. Mtima unkanena kuti mwanayu tinamuphunzitsa ndi ndalama ya mtedza, tinagulitsa ng'ombe kuti amalize, tidyeko thukuta lathu. Ndipo ukanakhala ufulu wathu. Abambo anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anati, "Amake mwana, tikagula malata, adzukuluwa adzaphunzira ndi chiyani?" Nyumba yathu inadikira malata zaka zina zingapo. Sindikunena kuti kholo lililonse lichite chomwecho. Pali nkhalamba zimene mwana womwalirayo ndiye anali nkhokwe yawo, ndipo zimenezo zitenge gawo lawo popanda manyazi, lamulo linawaganizira dala. Chimene ndikukana ndi kholo lopitirira pa gawo lake, lotuma anyamata kukazula mabedi ndi mapoto, kenaka chaka chamawa n'kudzaima pachiliza likulira mokweza kuposa onse, adzukulu ali pambali opanda nsapato.

Anthu amakonda kuuza oferedwa kuti, "Thandizani ena, chisoni chidzatha." Ine ndakhala ndikuyendera odwala ndi amasiye kuchokera nthawi imeneyo, ndipo ndikukuuzani kuti sichitha. Sindigwirizananso kwenikweni ndi kugwiritsa ntchito mwambi uja wakuti kupatsa n'kuika pa nkhani ngati iyi, chifukwa woika amayembekeza kudzatenga, pamene agogo olera ana amasiye alibe chodzakubwezera. Chimene chimachitika n'china. Chikondi cha kholo chili ngati mkaka wa mayi amene khanda lake lamwalira: mawere amadzazabe, amapweteka, ngakhale woyamwa palibe. Ndinali nditazolowera kudera nkhawa mwana uja, kumusungira nthochi, kumvetsera ngati basi yaima. Zonsezo zinatsala m'thupi mwanga zopanda kopita. Pamene mnzanga uja anayamba kunditenga kuti tikasambitse wodwala wina kutsidya kwa dambo, manja anga ankadziwa kale chochita. Ndinkadziwa kutembenuza munthu wamkulu pamphasa osamupweteka, ndinkadziwa kuti wa zilonda m'kamwa sapatsidwa chakudya chotentha kapena chamchere wambiri. Nzeru zimenezo ndinazigula modula kwambiri, ndipo zikanangowola ndikanakhala m'nyumba.

Komanso ndaona kuthandiza kwina kumene kumavulaza. Pali makolo amene amatenga mwana wamasiye kuti alowe m'malo mwa wawo, n'kumamuyerekeza tsiku ndi tsiku: wanga uja sankatero, wanga uja anali wanzeru. Mwanayo amakula akupikisana ndi munthu wakumanda, mpikisano umene sangapambane. Pali abale a m'tauni amene pamaliro amaimirira n'kulonjeza kuti kamtsikanaka ndikaphunzitsa ine, anthu n'kuwomba m'manja, koma kakafika kumeneko kasanduka wantchito wosalipidwa, kolera ana a eni nyumba, sukulu osaiona. Inu atsibweni, inu azakhali amene munavomera kuti mwana apite, mukamuoneko. Muimbireni foni pa nthawi imene mwini nyumba palibe, mumufunse giredi imene ali ndi dzina la mphunzitsi wake. Akachita chibwibwi, mwadziwa.

Ife a ku Tamanda tili ndi chitsanzo pafupi, ku mishoni inzathu ya Magwero, kumene mpingo umene lero ndi Reformed Church in Zambia unayambira mu 1899. Mu 1905 mayi Issie Hofmeyr, mkazi wa m'mishonale, anayamba kuphunzitsa akhungu kuwerenga ndi zala, ndipo mmodzi mwa ophunzira ake oyamba anali Lazaro Banda. Mayiyu anamwalira mu 1910, ntchito isanapite patali. Ikanatha kuikidwa naye limodzi. Koma otsala anaitola, makamaka mayi Ella Botes, amene anaigwira zaka zambirimbiri n'kudzatsegulanso sukulu ya ana osamva mu 1955. Ndi angati mwa ife amene angaloze pamene mayi Hofmeyr anagona? Koma sukulu ya akhungu ku Magwero aliyense amaidziwa, ndipo ana akuphunzirabe mpaka lero.

Sikuti aliyense amange sukulu kapena akhazikitse bungwe ngati a Kaunda. Ambiri a ife tilibe ngakhale ya feteleza. Ndikapita kunyumba imene munagwa maliro miyezi itatu yapitayo, zimene ndimapeza zikusowa n'zazing'ono zochititsa manyazi. Denga likudontha chifukwa wofolera uja ndiye anapita. Munda walimidwa theka. Khadi la kukiliniki la mwana latayika pa chipwirikiti cha maliro ndipo palibe amene wapita kukatenga mankhwala. Mu chilala cha 2024, chimene a pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza pa 29 Febuluwale kuti ndi tsoka la dziko lonse, nyumba zimene zinayamba kugona ndi njala m'mudzi mwathu zinali zomwezi, za agogo olera adzukulu ndi za amayi amasiye. Tonse tinali pamavuto, inde, koma ena tinali ndi mwana wotitumizira kandalama pafoni.

Ndiye pamene banja lakhala pansi kuwerengera za chiliza, simenti matumba angati, mbuzi zingati, thobwa migolo ingati, chitenje cha aliyense, pakhale mmodzi wolimba mtima wofunsa kuti, "Kodi ana a malemuwa yunifomu ali nayo?" Mwala sufulumira, ukhoza kudikira chaka china. Mtsikana wa giredi 9 akakhala pakhomo chaka chimodzi, chaka chinacho mumupeza ali ndi mwana kumsana.

Pa za sukulu zinthu zinapepukako. Kuyambira mu Januwale 2022 sukulu za boma n'zaulere mpaka giredi 12. Chotsala ndi yunifomu, nsapato, makope, sopo, ndiponso ndalama ya chakudya ndi malo kwa amene asankhidwira kusukulu yogonera konko. Pa ana amenewa pali thandizo lochokera ku thumba la chitukuko cha m'dera la phungu, lija timalitcha CDF, limene limalipirira ana ovutika kusekondale yogonera konko ndiponso achinyamata ofuna kuphunzira ntchito zamanja. Pempho limadzera ku komiti ya chitukuko ya m'wadi mwanu, ija timaitcha WDC. Palinso ndalama ya Social Cash Transfer ya mabanja ovutikitsitsa, imene mayina ake amadzera ku makomiti a m'midzi ndi ku ofesi yoona za umoyo wa anthu ovutika.

Vuto n'lakuti zonsezi zimayenda ndi mapepala. Pafunika kalata ya kusukulu, pafunika umboni woti mwanayo ndi wamasiye kapena wovutikadi, pafunika kusaina apa ndi apo. Agogo amene sanapiteko kusukulu, maso akuchita chimbuuzi, miyendo ikukana, sangathe kulondola zimenezi okha, ndipo ambiri sadziwa n'komwe kuti thandizoli lilipo. Wina wa inu amene ali ndi njinga ndi cholembera apite nawo, akhale nawo pamzere, awawerengere chimene akudindapo chala. Mufunsiretu kwa akhansala kapena kwa a WDC tsiku limene mafomu atuluke, chifukwa ali ndi nyengo yake, ndipo sukulu zimatsegulira mu Januwale.